Kuchokera ku mapanga a Chongoni kufika pa makoma a kwathu: mbiri ya kujambula anthu

 Mwezi uno tsamba la mbiri yakale landigwera ine, ndipo ndasankha nkhani ya chinthu chimene timachiona tsiku ndi tsiku koma osafunsa kuti chinayamba liti. Ndikunena za kujambula anthu pakhoma.

Tayendani pang'ono m'dera lanu maso ali pa makoma. Pa malo ometera mupeza mitu ya anyamata yometedwa masitayilo osiyanasiyana. Pa saluni pali mayi womangidwa tsitsi akumwetulira. Pa sukulu ya mkaka pali ana ogwirana manja, ndipo pa chipatala pali munthu akusamba m'manja ndi sopo. Ambirife timangoti n'zotsatsa malonda basi. Ena amati zojambulajambula n'za azungu, kapena n'za ana a ku pulayimale. Ayi ndithu. M'chigawo chapakati chino anthu anayamba kujambula kalekale, kusanabwere pepala kapena pensulo, ndipo kawirikawiri ankatero akakhala ndi chinthu cholemera mumtima chimene onse ankachimva limodzi.

Utoto wofiira wa Akafula

Mukakwera minibasi ya ku Dedza pa msewu wa M1, mukadutsa Nathenje n'kuwoloka Diamphwe, mumayamba kuona mapiri a miyala ikuluikulu. Kumeneko, kufupi ndi Linthipe, ndiye kuli phiri ndi nkhalango ya Chongoni. M'derali muli malo 127 amene ali ndi zojambula pa matanthwe ndi m'mapanga, ndipo onse ali m'dera la masikweya kilomita pafupifupi 126. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika Chongoni pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Anali malo achiwiri a m'Malawi kulowa pa mndandandawo, oyamba anali Lake Malawi National Park mu 1984. Tangoganizani, malo otchuka chonchi ali pa mtunda wosakwana makilomita 100 kuchokera pa depoti ya Lilongwe, koma ndi angati mwa ife anapondako?

Zojambula zakale kwambiri kumeneko n'zofiira. Anazijambula ndi anthu amene ankakhala moyo wosaka nyama ndi kutola zipatso, amene agogo athu amawatchula Akafula kapena Abatwa. Ndi omwe aja a m'nthano, aafupi msinkhu, amene amati ukakumana nawo ankafunsa kuti wawaonera pati, ndipo ukafuna mtendere umayankha kuti wawaonera patali. N'chifukwa chake ena amangowatcha Amwandionerapati.

Pa zojambula zofiirazi anthu saonekapo kwambiri. Zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira zokhala ngati dzuwa. Koma utotowo ankaupaka ndi zala, choncho mzere uliwonse ndi njira imene chala cha munthu chinadutsa. Mu 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, anakumba pa phanga la Mwana wa Chentcherere ndipo anapeza zida zamiyala ndi zina zosonyeza kuti anthu anakhalapo nthawi yaitali. Mu 2017 asayansi anatulutsa zotsatira za kuyeza DNA ya mafupa akale a ku Chentcherere, Fingira ndi Hora. Mafupa a ku Chentcherere anapezeka kuti ndi a zaka pafupifupi 5,000, ndipo magazi a anthu amenewo sakupezeka kwenikweni mwa Amalawi a lero. Mwamva? Mtundu wonse unatha, chilankhulo chawo chinapita nawo, nyimbo zawo palibe akuzidziwa. Chimene chikutiuza kuti kuno kunali anthu tisanabwere ife ndi zida zawo zamiyala, mafupa, ndi utoto wa pa thanthwe.

Utoto woyera wa amayi

Pamwamba pa zofiirazo, m'malo ambiri, pali zojambula zoyera. Izi ndi za alimi, makolo a Achewa, ndipo ankagwiritsa ntchito dothi loyera, kupakanso ndi zala. Zambiri zimaoneka ngati chamoyo chimene chatambasula manja ndi miyendo, ukuchiyang'ana kuchokera pamwamba. Wina angati ndi buluzi, wina angati ndi chikopa choyanika, winanso angati ndi munthu wagona chafufumimba. Zina zili ndi madontho thupi lonse, zina zimaoneka ngati njoka.

Ofufuza monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta, atacheza ndi amayi achikulire a ku Dedza ndi kum'mawa kwa Zambia, anaona kuti zithunzizi zimagwirizana ndi chinamwali cha atsikana. Anamkungwi ankatengera anamwali kumalo obisika, ndipo zithunzizo zinkathandiza kuti mwambo ndi malangizo zikhazikike m'mutu. Za m'kati mwa chinamwali n'za eni ake, ine sindilowako. Chimene ndikufuna muone n'chakuti ojambulawo anali amayi. Lero ukafunsa kuti wojambula zikwangwani m'dera lino ndani, aliyense akulozera mwamuna, ndipo mtsikana akagwira burashi anthu amadabwa. Komatu ku Chongoni gawo lalikulu la zojambula ndi ntchito ya manja a amayi.

Taganiziraninso mtsikana amene watha msinkhu kumene. Thupi lasintha, mantha ndi manyazi zamugwira, sakudziwa kuti auze ndani. Kenako akufika pa thanthwe pamene pali zithunzi zimene amayi ake, azakhali ake ndi agogo ake anaziona ali pa msinkhu womwewo. Chithunzicho chinkamuuza kuti zimene akumvazo ena anazimvapo kale, sali yekha. Pajatu akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Nthawi ya mavuto, anthu anathawira ku miyala

Gulu lachitatu la zojambula ndi la nyau, ndipo ili ndiye laposachedwa. Zambiri zinajambulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Pa phanga la Namzeze mpamene zimaoneka bwino: pali zithunzi za anthu ovala zigoba kumaso, komanso zilombo monga kasiyamaliro.

Bwanji nthawi imeneyoyo? Tiyeni tikumbutsane za m'kalasi ya History. Angoni a Maseko anakhazikika m'dera la Dedza ndi Ntcheu cha m'ma 1870, ndipo midzi yambiri ya Achewa inathawira m'mapiri. Malonda a akapolo anali asanathe. Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain, msonkho n'kuyamba. Amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896, ndipo Akatolika a White Fathers anafika ku Mua mu 1902. Angoni komanso amishoni sankafuna gule wamkulu, ndipo m'madera ena kuvina poyera kunavuta. Pamenepo amuna a nyau anayamba kukumana m'mapanga, n'kumajambula pa miyala zimene sakanatha kuonetsa pabwalo, kuti anyamata aphunzire ndipo mwambo usafe.

Pajatu gule wamkulu amavinidwa kwambiri pa maliro ndi pa ziliza. Ndi njira imene mudzi umaperekezera munthu wawo. Ndiye kuletsa gule kunali ngati kuuza anthu kuti asalire m'njira imene amaidziwa. Zithunzi za pa Namzeze zinajambulidwa ndi anthu amene ankaopa kuti ana awo adzaiwala kuti iwo ndi ndani.

Ndikudziwa kuti mu kalabu yathu muli a CCAP, Akatolika, Asilamu, a mipingo ya Pentekosite, ndi ena a kudambwe. Sindikuuza munthu kuti asinthe chikhulupiriro chake. Ndikungonena kuti mbiri ndi mbiri, ndipo umatha kumvetsa chisoni cha mnzako ngakhale usakupemphera naye limodzi. Gule wamkulu yemweyo amene ankabisidwa m'mapanga, UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, ndipo amavinidwa m'Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Ku Mua zinthu zinatembenuka

Chodabwitsa n'chakuti malo amodzi amene ankalimbana kwambiri ndi nyau ndi omwe pambuyo pake anadzasunga zambiri za mwambowu. M'zaka za m'ma 1920 mkangano pakati pa ansembe a ku Mua ndi anthu a nyau unali waukulu, makamaka pa nkhani ya ana opita ku sukulu za mishoni. A nyau nawo sanangokhala chete. Anayankha ndi luso lawo, n'kutulutsa magule monga Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya. Kunali kuseka mlendo pomujambula.

Mu 1967 kunabwera wansembe wina wochokera ku Canada, bambo Claude Boucher, amene Achewa anadzawapatsa mfunda wa Chisale. Iwo anali wojambula. Mu 1976 anatsegula Kungoni Centre of Culture and Art pa Mua pomwepo, kumene anthu a m'midzi yozungulira anayamba kuphunzira ndi kuphunzitsana kusema ndi kupenta. Pamalopo pali Chamare Museum, imene imafotokoza chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo imasunga zigoba za gule wamkulu zoposa 400. Makoma ake akunja ndi opentedwa zithunzi za anthu zofotokoza mbiri ya dziko lino. Mu zosema ndi zojambula za ku Kungoni, anthu a m'Baibulo amaoneka ndi nkhope zachimalawi, atavala ngati anthu a kumudzi. Mayi wa ku Mtakataka akaona Mariya wakhungu lakuda atanyamula mwana, amamuona ngati mnzake amene akudziwa ululu wa kubala ndi kulera.

Kwa anansi athu ku Mozambique

Tikaoloka malire, pali dzina limodzi loyenera kulidziwa aliyense wokonda burashi: Malangatana Ngwenya. Anabadwa mu 1936 m'mudzi wa Matalana kummwera kwa Mozambique, ndipo ali mnyamata ankagwira ntchito yotola mipira pa kalabu ya tenesi mu mzinda umene lero ndi Maputo. Mu 1964 apolisi achinsinsi a Apwitikizi, a PIDE, anamumanga pomuganizira kuti ndi wa FRELIMO, ndipo anakhala m'ndende miyezi 18.

Mukafufuza zithunzi zake pa intaneti muona kuti sankakonda kujambula munthu mmodzi ataima payekha. Nsalu yonse imadzaza ndi nkhope, maso otong'oka, mano, manja, matupi opanikizana osasiya mpata. Ukayang'ana sudziwa kuti dzanja ili ndi la ndani, mwendo uwu ukuthera pati. Umo ndi mmene ankaonetsera ukapolo wa atsamunda ndi nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992: mavuto amene sanagwere munthu mmodzi koma mtundu wonse. Nkhondo imeneyo Amalawi timaidziwa, chifukwa anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira kuno, ambiri m'maboma a m'malire monga Nsanje, Ntcheu ndi Dedza yemweyo. Malangatana anapentanso makoma akuluakulu mu Maputo kuti ndi osauka omwe aziona luso popanda kulipira. Anamwalira mu 2011.

Nkhope imodzi pamwamba pa onse

Si nthawi zonse pamene chithunzi cha munthu chimagwirizanitsa anthu mwa ufulu. Afunseni makolo anu za nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, amene analamulira kuyambira 1964 mpaka 1994. Chithunzi chawo chinkayenera kupachikidwa m'sitolo ndi mu ofesi iliyonse, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake, ngakhale wotchi. Amayi a mbumba ankavala nsalu ya nkhope yawo povina. Ena ankavala mokondadi, ena ankavala chifukwa cha mantha. Apa mpamene pali kusiyana: ku Chongoni anthu ankajambula zimene iwo eni akumva, pamene apa anthu ankauzidwa zoti amve.

Chipani chimodzi chitatha, chizolowezi choika nkhope pa nsalu sichinathe, koma chinalowa m'manja mwa anthu wamba. Lero pa chiliza banja limadinditsa matisheti a nkhope ya malemu, onse n'kuvala zofanana. Mu June 2024, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pamodzi ndi anthu ena 8, nkhope yawo inali paliponse: pa matisheti, pa zitenje, pa mafoni. Palibe anakakamiza achinyamata kutero. Mawu anali atasowa, ndiye anthu anagwira chithunzi.

Chipewa cha Chilembwe ku London

Mu September 2022 pa Trafalgar Square, pakati penipeni pa London, anavundukula chosema cha Mmalawi, Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Kamuzu Academy ndi Chancellor College ndipo amaphunzitsa za luso ku Oxford. Si penti ayi, n'chachitsulo, koma nkhani yake ndi yomweyi. Anatengera chithunzi cha mu 1914 chimene John Chilembwe anajambulitsa ndi mnzake wachizungu, mmishoni John Chorley, pa tchalitchi chatsopano cha PIM ku Mbombwe, Chiradzulu. Pa chithunzipo Chilembwe wavala chipewa, chikhalirecho nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira, mu January 1915, Chilembwe anaukira atsamunda.

Kambalu anapanga Chilembwe kukhala wamkulu kwambiri kuposa Chorley, koma awiriwo anawasiya pa nsanja imodzi. Dzina la chosemacho ndi Antelope, ndipo mwini wake analigwirizanitsa ndi kasiyamaliro wa gule wamkulu. Mwaona mmene ulendo wayendera eti? Chilombo chimene chinkajambulidwa mobisa pa Namzeze poopa atsamunda, dzina lake linakaima pa bwalo lalikulu la mzinda wa atsamunda omwewo.

Nanga ife?

Pali zinthu ziwiri zimene zikutikhudza.

Choyamba ndi Chongoni yemweyo. Zojambula zimene zapirira mvula ndi dzuwa kwa zaka mazanamazana zikuonongeka ndi manja a anthu. Ena amalemba maina awo ndi a zibwenzi zawo pamwamba pake ndi makala kapena choko. Ena amasonkha moto m'mapanga, utsi n'kudetsa thanthwe. Mitengo imene inkatchinga dzuwa ndi mphepo ikudulidwa, ndipo tisanamizane, makala ambiri otenthedwa m'nkhalango za chigawo chino amathera pa mbaula zathu zomwezi mu Lilongwe. Chithunzi cha pa thanthwe chikafufutika palibe angachibwezeretse, chifukwa amene ankadziwa kuchijambula anapita. Tikadzakonza ulendo wa kumeneko, tidzapite ndi munthu wotiperekeza wa m'deralo, osagwira miyala, osathira madzi kuti chithunzi chioneke bwino pa foni, ndipo dzina lanu lembani m'buku la alendo basi.

Chachiwiri ndi khoma lathu. Komiti yakhala ikukambirana zopenta khoma la pamalo pamene timakumana, ndipo maganizo ndi osiyana. Ena akufuna tingolemba dzina la kalabu ndi zilembo zikuluzikulu. Ena akuti tiikepo nkhope ya woimba kapena wampira wotchuka. Maganizo anga, potengera mbiri imene tawerengayi, ndi akuti tijambule anthu, ambiri, ndipo akhale a kwathu konkuno.

Tijambule amayi ali pa mzere pa kiyosiki ya madzi m'mamawa kusanache, zigubu zili mbwee. Tijambule wakabaza akukwera chitunda atanyamula thumba la ufa. Tijambule adzukulu akukumba manda ndi amayi akusonkhezera miphika pa maliro, chifukwa m'madera athu muno maliro ndi amene amatisonkhanitsa posayang'ana mtundu kapena mpingo. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Ena mwa ife tinataya abale, ndipo ambiri anaikidwa mofulumira, opanda mwambo wonse wa maliro. Anthu amenewo alibe chipilala. Khoma lathu likhoza kuwakumbukira, osati pojambula matenda, koma pojambula amene anatsala atagwirana mapewa. Ndipo pasakhale chisoni chokhachokha: pakhalenso ana akusewera fulaye ndi phada, atsikana a netibo akukuwa chigoli chitalowa, ndi gulu la chinkhoswe likufupa.

Tisanajambule nkhope ya munthu weniweni, tikam'pemphe kaye mwini wake kapena banja lake. Burashi isakhale ya anyamata okha, atsikana mubwere, pajatu ntchitoyi munaiyamba ndinu. Amene amati satha kujambula adzapaka laimu, kusakaniza utoto, kugwira makwerero, kapena kuima kuti ena amujambule. Za ndalama zisatiopse kwambiri, chifukwa makolo aja analibe sitolo ya penti, ankangotapa dothi loyera ndi lofiira, ndipo amayi a kumudzi mpaka lero amakongoletsa nyumba ndi katondo ndi makande. Ife tikasonkherana pang'onopang'ono tikhoza kugula penti ya mitundu itatu kapena inayi, ina n'kumasakaniza tokha. Chofunika n'kumaliza mvula isanayambe mu November, khoma likadali louma.

Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi pepala limodzi lojambulapo munthu mmodzi amene akuona kuti sayenera kusowa pa khomalo, kaya ndi pensulo kaya ndi bolopeni. Ngakhale atuluke mutu waukulu miyendo yaifupi, bweretsani basi, tidzakonzera limodzi. Ndipo amene ali ndi agogo ochokera ku Dedza, awafunse zimene amadziwa za mapanga aja, adzatiuze.